Mapepala mazanamazana koma ku kiliniki kulibe mankhwala: yankho kwa Amayi a ku Mufakose

Amayi ena a ku Mufakose, lokeshoni ya muno mu Harare, omwe makolo awo anachokera ku Dedza, anditumizira imelo. Apempha kuti ndisatchule dzina lawo, ngakhalenso la kumene mwana wawo amagwira ntchito. Mwanayo ndi wamkazi, anamaliza digiri ya sayansi, ndipo analembedwa ntchito pa bungwe lina lofufuza za matenda muno mu Harare. Amayenda m'makiliniki kufunsa odwala mafunso ndi kulemba mayankho pa tabuleti. Tsiku lina bungwelo linaitana makolo ku chikondwerero, bwana wamkulu nkuima kunena monyadira kuti asindikiza mapepala mazanamazana m'magazini a akatswiri a zachipatala, kuti ofufuza a kunja amawatchula kambirimbiri, ndipo anatchulanso nambala ina yotchedwa h-index. Anthu anaomba m'manja, Amayiwo naombanso nawo, koma mtima sunakhazikike. Analemba motere:

"Mapepala amenewa amachiza ndani? Ine ndikapita ku kiliniki ya kwathu amangondilembera mankhwala a BP kuti ndikagule ndekha ku famase. Komanso dzina la mwana wanga silili pa pepala ngakhale limodzi, chonsecho amene amapsa ndi dzuwa ndi iyeyo. Kodi bungwe lotere ndi lenileni, kapena ndimuuze akafune ntchito kwina?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo musadzione ngati mwafunsa zachibwana. Funso lanu loyambali akatswiri okhaokha amakangana nalo m'misonkhano yawo, kungoti iwo amalikuta ndi mawu akuluakulu.

Tiyambe ndi pepalalo. Ofufuza akamaliza ntchito amalemba zimene anafuna kudziwa, mmene anachitira, ndi zimene apeza, kenaka amatumiza ku magazini. Mkonzi amapereka zolembazo kwa akatswiri ena awiri kapena atatu, omwe ntchito yawo ndi kufufuza pamene pali pobooka. Amabweza ndi mafunso, olemba amakonza, nthawi zina amakanidwa nkukayesa kwina. Miyezi imatha, ngakhale chaka. Choncho bungwe limene lili ndi mapepala ambiri m'magazini odalirika si la masewera, ndipo bwanayo sanalakwe kunyada. Kumene ndikusiyana naye ndi pa kulemera kumene akupatsa nambalayo.

Nambala ya mapepala ndi yosavuta kuifufumitsa. Kafukufuku mmodzi akhoza kudulidwa zidutswa zisanu, chilichonse pepala lakelake. Alipo mapepala ena a padziko lonse okhala ndi olemba mazana, ndipo bungwe lililonse limene lili ndi munthu mmodzi pa mndandandawo limawerengera pepalalo kuti ndi lake. Aliponso magazini achinyengo a pa intaneti, amene ukangolipira amasindikiza chilichonse popanda wochiunika.

Nanga h-index? Anaiyambitsa mu 2005 katswiri wa physics, Jorge Hirsch. Akati h-index ndi 40, ndiye kuti pali mapepala 40 amene lililonse latchulidwa m'mapepala a anthu ena kosachepera ka 40. Nzeru yake ndi yabwino, chifukwa salola kuti udzitame ndi pepala limodzi lotchuka kapena ndi mulu wa mapepala osawerengedwa. Koma nambalayi siitsika, imangokwera ndi zaka, motero bungwe lakale ndi lalikulu limaposa laling'ono ngakhale litasiya kalekale kuchita zanzeru. Imakonderanso matenda amene ali ndi ofufuza ambiri. Wolemba za HIV amatchulidwa msanga chifukwa anzake ali zikwizikwi ku America ndi ku Ulaya. Wolemba za likodzo kapena za kulumidwa ndi njoka adikira zaka, ngakhale ntchito yake ikhale yokongola chotani. Ndipo kutchulidwa si kuyamikiridwa. Mu 1998 magazini ya Lancet inasindikiza pepala la Andrew Wakefield, lokhudza ana 12 okha, limene linachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa chikuku. Linapezeka kuti ndi lachinyengo, Lancet inalichotsa mu 2010, koma latchulidwa kochuluka zedi, ambiri akulitchula polidzudzula. Makina owerengera sasiyanitsa. Nchifukwa chake mu 2012 akonzi a magazini ndi asayansi ena anagwirizana ku San Francisco pa chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti anthu aleke kuyeza ofufuza ndi kutchuka kwa magazini imene asindikizamo.

Inu ndinu mwana wa alimi a ku Dedza, mukudziwa kuti munda sauyamikira powerenga mapesi, amaona zimene zalowa m'nkhokwe. Pa bungwe lofufuza za matenda, funso ndi lakuti: ndi chiyani chimene anamwino akuchita lero mosiyana ndi kale chifukwa cha ntchito ya anthu amenewa? Ndipo pa funso limeneli Harare ali ndi zoyankha zambiri kuposa mmene ife okhalamo timaganizira.

Chitsanzo chimene ndimachikonda si cha mankhwala nkomwe, ndi chimbudzi. Aliyense amene anapitapo ku mapulazi a ku Mazowe kapena ku midzi ya ku Murehwa amadziwa chimbudzi cha Blair, chija chokhala ndi paipi yaitali pambali. Dzinalo ndi la labu ya boma ya muno mu Harare, Blair Research Laboratory, imene masiku ano imatchedwa National Institute of Health Research. Kumeneko m'zaka za m'ma 1970 Peter Morgan anakonza chimbudzi chimenechi. Mphepo ikamaomba pamwamba pa paipi imakoka mpweya wa m'dzenje, fungo nkutulukira kumwamba. M'kati mumakhala mdima, ndiye ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala kwa kumapeto a paipi, kumene zimapeza kawaya ka sefa, zilephera kutuluka nkufera momwemo. Basi, nzeru yonse ndi imeneyo. Zimbudzi zotere zinamangidwa mazana a zikwi m'Zimbabwe muno ufulu utabwera, zinafalikira ku mayiko ena ambiri, ndipo Morgan analandira mphoto ya Stockholm Water Prize mu 2013. Mmisiri amene amamanga chimbudzi cha Blair ku Gokwe satchula pepala la munthu, ndipo h-index sadzamuwerenga.

Koma ndisakupatseni chithunzi choti mapepala alibe ntchito. Pa nkhani ya mankhwala, popanda pepala palibe chimene chimasintha, chifukwa boma silingasinthe malamulo a chithandizo pa mawu a pakamwa. Njira yake imayenda chonchi: kafukufuku, pepala, komiti ya World Health Organization (WHO) iwerenga mapepala onse a nkhaniyo nkutulutsa malangizo, unduna wa zaumoyo utenga malangizowo nkuwaika m'mabuku ake, monga kabuku ka EDLIZ kamene manesi athu amatsegula akafuna kudziwa mankhwala oyenera ndi mlingo wake. Mukafuna kudziwa mphamvu ya bungwe, tsatani njira imeneyi muone ngati mapazi ake akuonekamo.

Mukukumbukira nthawi ija munthu akapezeka ndi HIV ankauzidwa kuti adikire kaye CD4 itsike asanayambe ma ARV? Mu 2011 kafukufuku wotchedwa HPTN 052 anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine. Munali mabanja 1,763 a m'mayiko 9, mmodzi ali ndi kachilombo mnzake alibe, ndipo ena mwa mabanjawo anali a muno mu Harare, ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Anapeza kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana kachilombo m'banja ndi 96 peresenti. Pamodzi ndi kafukufuku wina amene anatsatira, zimenezi zinapangitsa WHO kulangiza mu 2015 kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala osadikira, ndipo Zimbabwe ndi Malawi anatsata mu 2016. Mnyamata amene wayezetsa lero ku Mbare nkupatsidwa botolo lake osadikira CD4 sadziwa za pepala limenelo, koma ndi limene lamutsegulira khomo.

HPTN 052 isanatuluke panali kafukufuku wina, DART, imene inachitikira ku Uganda ndi muno mu Harare, mbali ya kuno ikutsogoleredwa ndi malemu Professor James Hakim wa ku University of Zimbabwe, amene tinataya ndi COVID-19 mu January 2021. Anthu oposa 3,300 anatenga nawo mbali. Funso linali la anthu osauka: kodi tingapereke ma ARV bwinobwino kumene kulibe labu yoyeza magazi pafupipafupi? Yankho linali lakuti inde, kuyeza kwa nthawi ndi nthawi kofufuza ngati mankhwala akuononga m'thupi sikunasinthe kanthu kwenikweni, ngakhale kuyeza CD4 kunathandizako pang'ono. Zimenezi zinalimbitsa mtima maboma kutsitsira ma ARV ku makiliniki ang'onoang'ono m'malo mowasunga ku zipatala zazikulu zokha. Funso lotere linali lofulumira kuno, osati ku London, chifukwa kumeneko labu ili paliponse.

Pa TB napo, bungwe la Biomedical Research and Training Institute, limene linayamba mu 1995, linagwira ntchito ndi Elizabeth Corbett pa kafukufuku wa DETECTB m'malokeshoni a Harare. Anayerekeza njira ziwiri zopezera odwala amene sanapite okha ku chipatala: kugogoda khomo ndi khomo, kapena kuimika galimoto pamalo ndi chimkuzamawu anthu nkumabweretsa okha makhololo. Ambirife tikanalosera kuti khomo ndi khomo ipambana. Inapambana ndi galimoto. Ndipo pa zaka zosakwana zitatu TB yopatsirana m'madera amenewo inatsika kuchoka pa anthu 6.5 kufika pa 3.7 mwa akuluakulu 1,000 alionse. Lancet inasindikiza zimenezi mu 2010. Mayi Corbett yemweyu atasamukira ku Blantyre anakagwira ntchito ndi ofufuza a kumeneko pa zoti munthu azidziyeza yekha HIV ndi kachipangizo kopaka m'kamwa, ndipo nzeruyo inabwereranso kuno kudzera m'ntchito imene inachitika pamodzi ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuyambira 2015. Ife amene tili ndi phazi limodzi kuno lina kumudzi tizidziwa kuti Harare ndi Blantyre akhala akubwerekana nzeru za chipatala kwa zaka zambiri.

Tsopano pali mtundu wina wa mapepala umene mabwana sakonda kuutchula pa chikondwerero, koma ine ndimaulemekeza kwambiri: mapepala onena kuti tayesa, sizinagwire. Kafukufuku wa ZVITAMBO analemba amayi 14,110 ongobereka kumene muno mu Harare chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kufuna kuona ngati vitamini A angateteze makanda ku imfa ndi ku HIV. Sanateteze. Koma poti anali atalemba mosamala mmene mayi aliyense ankadyetsera mwana, anaona kuti ana oyamwitsidwa mwakathithi miyezi yoyambirira ankatenga kachilombo mocheperapo poyerekeza ndi amene ankasakanizidwa bere ndi phala kapena zakudya zina. Pepala lawo la 2005 lonena zimenezi linathandiza kusintha uphungu umene amayi amalandira ku sikelo. Gulu lomwelo linachitanso kafukufuku wotchedwa SHINE ku Shurugwi ndi Chirumanzu, kumanga zimbudzi za Blair, kupereka sopo ndi mankhwala a m'madzi, poyembekeza kuti ana asiya kupinimbira. Zotsatira za 2019 zinati zimenezo pazokha sizinakweze msinkhu wa ana, chimene chinathandizako pang'ono ndi chakudya choonjezera. Zinawawa, ngakhale kwa ine wokonda chimbudzi cha Blair, koma ndi bwino kudziwa kusiyana ndi kuthira mamiliyoni pa chiyembekezo chabe.

Chimodzimodzi kafukufuku wa VOICE, wa amayi oposa 5,000 a ku Zimbabwe, South Africa ndi Uganda, woyesa mapiritsi ndi mafuta opaka otchinjiriza HIV. Amayi ambiri ankati akugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma magazi anaonetsa kuti ambiri sankatero. Ena anafulumira kuwanena amayiwo kuti ndi abodza. Ofufuza anzeru anabwerera kukawafunsa chifukwa chake, nkumva za mantha a amuna kunyumba, za kuopa kuonedwa ndi mapiritsi ofanana ndi ma ARV, za mphekesera za m'lokeshoni. Phunziro limenelo linalimbikitsa kufunafuna njira zosafuna kukumbukira tsiku lililonse: mphete ya dapivirine yovala mwezi wathunthu, ndi jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse, zonse ziwiri zoyesedwa ndi amayi a ku Harare ndi Chitungwiza pamodzi ndi a ku Malawi ndi mayiko ena. Mu 2022 Zimbabwe inakhala dziko loyamba mu Africa kuvomereza jakisoniyo. Choncho mwana wanu akakuuzani kuti kafukufuku wawo sanapeze kanthu, musafulumire kuti ataya nthawi. Chofunika kufunsa ndi chakuti, kodi alemba ndi kusindikiza zimenezo, kapena azibisa m'kabati?

Ndikhalitse pang'ono pa Friendship Bench, chifukwa pamenepa pepala ndi moyo wa m'lokeshoni zinakumana bwino. Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anaona kuti madokotala a mtundu wake m'dziko lonse lino ndi owerengeka pa zala. Mu 2006 anayamba ku Mbare ndi agogo aakazi ogwira ntchito za umoyo pansi pa khonsolo, kuwaphunzitsa kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu wolemedwa ndi maganizo, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kwa zaka zingapo anthu ankangoti ndi kanthu kabwino ka ku Mbare. Chinasintha zinthu ndi kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, amene anasindikizidwa m'magazini ya JAMA mu December 2016. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi agogo pafupifupi 14 mwa 100 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi 50 mwa 100. Nambala zimenezo ndi zimene zinatsegula zikwama za opereka ndalama ndi zitseko za maunduna, mpaka benchi inafika ku Malawi, ku Kenya ndi ku New York. Agogo anali akuthandiza anthu pepala lisanatuluke, koma popanda pepalalo akanathera ku Mbare komweko. Onaninso kuti woyamba pa mndandanda wa olemba anali mwana wa muno, wofunsa funso lobadwira muno. Mfundo imeneyi ndibwereranso nayo pa nkhani ya mwana wanu.

Za mankhwala anu a BP, sindikupakani mafuta pakamwa. Bungwe lofufuza silingakugulireni, ndipo si chifukwa cha umbombo. Ndalama zake zimachokera kwa opereka monga National Institutes of Health ya ku America, Wellcome ya ku Britain kapena Gates Foundation, ndipo dola iliyonse imabwera italembedwa kale ntchito yake, owerengera ndalama nkudzafunsa malisiti. Kugula mankhwala a m'kiliniki ndi udindo wa boma ndi khonsolo. Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti aziika 15 peresenti ya bajeti pa zaumoyo, ndipo mayiko ambiri, kuphatikizapo athu awiriwa, zaka zambiri safikapo. Dandaulo limenelo lipite kwa khansala ndi phungu wanu.

Komabe mwakhudza chilonda chenicheni. Mwaona nokha kuti zitsanzo zanga zambiri ndi za HIV ndi TB. Si mwangozi. Amene amalipira ndi amene amasankha funso, ndipo kwa zaka 30 ndalama zakunja zinkathamangira matenda amenewo. Zinapulumutsa anthu osawerengeka, sindikunyoza. Koma BP, shuga, khansa, matenda a impso, zimene zikugwetsa makolo athu ku Highfield ndi Dzivarasekwa, zinatsalira m'mbuyo pa kafukufuku. Ndipo kudalira thumba la mlendo kuli ndi mtengo wake: boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja kumayambiriro a 2025, ntchito zambiri zaumoyo ndi zofufuza m'chigawo chino zinagwedezeka, anthu nkutaya ntchito. Bungwe limene ndingaliyamikire ndi limene, pakati pa mapepala ake mazanamazana aja, lili ndi ena ofunsa mafunso amene unduna ndi manesi a m'makiliniki akufuna mayankho ake, ngakhale akunja asawatchule.

Tibwere kwa mwana wanu. Magazini ambiri a zachipatala amatsata lamulo la komiti ya akonzi yotchedwa ICMJE. Kuti munthu alembedwe ngati mlembi ayenera kukhala atathandiza kwambiri pokonza kafukufuku, posonkhanitsa kapena posanthula zotsatira, komanso atatengako mbali polemba kapena kuunika pepalalo, atavomereza lomaliza, ndipo ali wokonzeka kuyankha mafunso pa ilo. Osonkhanitsa mayankho m'makiliniki kawirikawiri amathera m'kandime kothokoza kumapeto, mwinanso mongoti tikuthokoza gulu lonse. Mwa lamulo, bungwelo silinamube. Koma lamulo lomwelo limanena kuti amene wakwanitsa mbali yoyamba apatsidwe mpata wotengako mbali pa kulemba, asatsekeredwe kunja kenaka nkuuzidwa kuti sunalembe nawo. Apa ndi pamene mabungwe amasiyanirana. Ena amaitana achinyamata awo ku tebulo, kuwapatsa kachigawo ka zotsatira kuti asanthule, kuwalipirira masters. Ena amawagwiritsa ntchito ngati miyendo chabe, giranti ikatha kontrakiti nayo yatha.

Palinso nkhani yakale yopweteka, ya ofufuza akunja amene amatera pa ndege, kutenga magazi ndi mayankho, kukalemba kwawo, akatswiri a kuno nkuikidwa pakati pa mndandanda ngati okometsera. Pa mapepala a zachipatala malo olemekezeka ndi awiri: dzina loyamba, la amene wagwira ntchito yaikulu yolemba, ndi lomaliza, la mtsogoleri wa kafukufuku. Magazini ena tsopano amafunsa mafunso akaona pepala la ku Africa lopanda mlembi wa dzikolo. Zinthu zikusintha, koma pang'onopang'ono.

Ndiye madzulo ena mukhale naye pansi ndi foni kapena kompyuta, atsegule PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zachipatala, imene ndi yaulere, alembe dzina la bungwe lake. Musawerenge mapepala onse, tengani a zaka zitatu zapitazi okwana 20 kapena 30. Muone kuti ndi angati amene dzina loyamba kapena lomaliza ndi la munthu wokhala muno. Muone ngati mayina oyambawo akusinthasintha, kusonyeza kuti achinyamata akukwera, kapena ndi anthu awiri omwewo chaka ndi chaka. Kupezeka pa PubMed kumathandizanso kupatula ambiri mwa magazini achinyengo aja, ngakhale ena amazemba. Kenaka iyeyo afunse anzake a kuntchito amene akhalitsa: ndi angati amene analowa ngati iye nkufika pa masters kapena PhD, ndipo ali kuti lero? Yankho la funso limeneli likuuzani zambiri za tsogolo lake kuposa h-index ya bwana. Afunsenso kuti ndi malangizo ati a unduna kapena a WHO amene anasintha chifukwa cha ntchito yawo. Bungwe lokhala ndi yankho silichedwa, limatchula chaka ndi tsamba.

Poti mwafunsa ngati ndi lenileni, chizindikiro china chili m'manja mwake kale. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'dziko muno ayenera kuvomerezedwa ndi Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo fomu imene odwala amasaina imakhala ndi nambala ndi chidindo chake. Ngati akuyesa mankhwala, a Medicines Control Authority of Zimbabwe nawonso ayenera kuloleza. Mwana wanu amanyamula mafomu amenewa tsiku lililonse, angoyang'ana. Akapeza kuti palibe, pamenepo ndiye ndinganene kuti achokeko msanga.

Pa mafomu omwewa ndili ndi pempho langa kwa iye. Kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Achinyamata athu obadwira kuno Chishona ndi chawo, palibe vuto. Koma alipo agogo m'mapulazi ozungulira mzinda uno ndi m'malokeshoni akale amene nkhani ya thupi lawo amaimva bwino m'Chichewa, ndipo amangogwedeza mutu mwaulemu nkudinda chala. Malamulo a dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mtsikana wa digiri ya sayansi amene angathe kufotokozera gogo wa ku Epworth kapena ku Norton za kafukufuku m'chilankhulo chake ali ndi luso limene bungwe lake mwina silikudziwa kuti lili nalo. Alitchule.

Kodi asiye ntchito? Ine ndikuti ayi, osati chifukwa cha dzina losowa pa pepala, ndiponso osati mu Harare wa lero mmene ntchito ikuvutira. Koma asangokhala chete kudikira kuti amuone. Nthawi yopempha dzina ndi pamene kafukufuku akuyamba kapena zotsatira zisanayambe kusanthulidwa, osati pepala litatuluka. Apite kwa womuyang'anira ndi funso lake laling'ono lochokera ku zimene amaona m'makiliniki, mwachitsanzo chifukwa chimene odwala ena sabwereranso ulendo wachiwiri, apemphe chilolezo choti asanthule mbali imeneyo ndi kuilemba mothandizidwa ndi wamkulu. Aphunzire pulogalamu imodzi yosanthulira manambala, kaya Stata kaya R, asunge setifiketi yake ya Good Clinical Practice (maphunziro a kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu) isathe ntchito, ndipo atsegule nambala yake ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza, imene ndi yaulere, kuti chilichonse chimene adzalembe chizimutsata kulikonse. Pepala loyamba lisachite kukhala la Lancet. Central African Journal of Medicine, imene inayamba muno mu 1955, kapena Malawi Medical Journal ya kwa makolo ake, ndi poyambira pabwino, ndipo madokotala a kuno amaziwerenga. Womuyang'anira akamuyankha mozemba chaka chonse, ndiye ayambe kuponya makalata ku mabungwe ena, ali pa ntchito pomwepo, ndipo pa intavyu adzafunse funso lomwe lija la achinyamata amene anakwera.